Mbiri Yomata ndi Mawu a Eni Dera: Kuunika Nthano, Nyimbo ndi Nkhani za pa Wayilesi za ku Lundazi

1.0 MAWU OYAMBA

Dera lililonse limene lili kutali ndi likulu la dziko limakhala ndi mbiri ziwiri. Yoyamba ndi imene eni dera amauzana okha pabwalo, pamtondo, pamaliro ndi pamoto madzulo. Yachiwiri ndi imene anthu akunja amanena za iwo. Mbiri yachiwiriyi m'nkhani ino tiitcha mbiri yomata, chifukwa imachita ngati dothi lomatira nyumba: imaphimba mitengo yonse ya khoma, yowongoka ndi yokhota yomwe, kuti ioneke ngati chinthu chimodzi chosalala. Munthu akangomva dzina la dera amaganiza kuti wadziwa kale khalidwe la aliyense wochokera kumeneko.

M'zaka zapitazi mabungwe ambiri akhala akulimbikitsa anthu akumidzi kuti azifotokoza okha nkhani zawo pofuna kuthetsa mbiri yotereyi. Cholingachi n'chabwino, koma ife ounika nkhani zamchezo sitiyenera kungochiwombera m'manja. Tiyenera kufunsa kuti nkhani ya eni dera imagonjetsa bwanji mbiri yomata, nanga ndi liti pamene imalephera. Poyankha funsoli titenga chitsanzo cha Lundazi, kum'mawa kwa Zambia. Mfundo yathu ndi yakuti nkhani imachotsa mbiri yomata ikachita zinthu zitatu: ikatchula chimene chidachititsa kuti zinthu zikhale momwe zililimu, ikapatsa omvera danga loyankha, ndiponso ikapanda kubisa zofooka za eni ake. Nkhani yongoyamikira dera imangomata dothi latsopano pamwamba pa lakale.

2.0 DERA LA LUNDAZI NDI ZIMENE AKUNJA AMANENA

Tauni ya Lundazi ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 180 kumpoto kwa Chipata, kufupi ndi malire a maboma a Mzimba ndi Kasungu a ku Malawi. Mu 2018 boma la Zambia lidapatula Chasefu ndi Lumezi kukhala maboma paokha, koma m'nkhani ino tikamati Lundazi tikunena dera lonse lakale. Derali lili ndi zigawo ziwiri. Kum'mawa kuli mtunda wa alimi a chimanga, mtedza, thonje ndi fodya, kumene kuli mafumu monga Mwase, Mphamba, Magodi ndi Phikamalaza. Kumadzulo dziko limatsetsereka m'mapiri ndi m'zigwembe mpaka kuchigwa cha Luangwa, kwa mafumu monga Kazembe, Chitungulu ndi Mwanya. Kumeneko n'kumene kuli nkhalango zotetezedwa za Lukusuzi ndi Luambe. Atumbuka, Achewa ndi Angoni akhala mosakanikirana m'derali kwa mibadwo ingapo.

Mbiri yomata ya Lundazi ili ndi nkhope zitatu. Yoyamba ndi ya m'tauni: wakum'mawa ndi wodya mbewa, wachimidzi. Yachiwiri ndi ya mabuku a alendo oona malo, amene amadziwa Lundazi chifukwa cha nyumba yamalinga imene bwanamkubwa wachitsamunda, Errol Button, adayamba kumangitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 motsanzira nyumba zakale za ku Ulaya. M'mabuku otere nyumbayo imakhala mpangankhani wamkulu, ndipo anthu amene adaumba njerwa zake satchulidwa n'komwe. Yachitatu ndi ya oteteza nyama: munthu wa kumapiri ndi kuchigwa ndi wakupha nyama mozemba, wosamva malamulo, wosafuna chitukuko.

Nkhope yoyambayo iyenera kusiyanitsidwa ndi zinazo. Nthabwala ya mbewa ndi mbali ya chimbuya, ubale wa nthabwala wa pakati pa Abemba ndi Angoni umene udafalikira kwa anthu onse akum'mawa. Mbemba akanena za mbewa, wakum'mawa amabwezera za anyani, ndipo pamaliro awiriwa amathandizana ntchito. J. Clyde Mitchell, m'buku lake The Kalela Dance (1956), adasonyeza kuti maubale a nthabwala otere adakula m'matauni a migodi, kumene anthu osadziwana ankafuna njira yokhalira limodzi. Chimene chimachotsa ululu m'chimbuya n'chakuti wonenedwayo ali ndi ufulu wobwezera pomwepo. Buku la alendo ndi lipoti la bungwe sizipereka ufulu umenewo. Motero kuopsa kwa mbiri yomata kumayezedwa poona ngati wonenedwayo angathe kuyankha.

3.0 CHIMENE MBIRI YOMATA IMABISA

Mbiri yomata imatenga zotsatira za zochitika ndi kuzisandutsa chibadwa cha anthu. Pa mfundo imeneyi nkhani ya Leroy Vail, Ecology and History: The Example of Eastern Zambia (1977), ndi yofunika kwa aliyense wounika nkhani za derali. Vail adasonyeza kuti umphawi wa kum'mawa kwa Zambia uli ndi chiyambi chodziwika. M'zaka za m'ma 1890 mliri udapha ng'ombe ndi nyama zakutchire. Ulamuliro wa British South Africa Company utakhazikika udabweretsa msonkho wa nyumba, umene udakankhira amuna ku migodi ndi ku mafamu a kumwera. Malamulo atsopano adaletsa kusaka ndi kukhala ndi mfuti momasuka. Nyama zitachulukanso, pamene amuna olambula tchire adali atachoka, kashembe adafalikira, ng'ombe zidafa ndipo matenda a kaodzera adakula.

Tikaona motere, mlenje wa kuchigwa amaoneka mwina. Kusaka kudali ntchito yolemekezeka, yokhala ndi miyambo yake ndi nyimbo zake, ndiponso njira yotetezera minda ku njovu ndi nguluwe. Stuart Marks adafotokoza bwino zimenezi pakati pa Abisa a tsidya lina la Luangwa m'buku lake Large Mammals and a Brave People (1976). Lamulo litasintha, ntchito yomweyo idasanduka mlandu, ndipo dzina la mlenje lidasanduka dzina la wakuba. Mbiri yomata imayambira pa dzina latsopanoli ngati kuti ndilo lidalipo kuyambira kale.

Choncho muyeso woyamba wa nkhani ya eni dera ndi uwu: kodi ikubwezera chifukwa pamalo pake? Nkhani yonena kuti anthu a ku Lundazi ndi aulemu ndi olimbikira ntchito ingakhale yoona, koma siyankha kanthu, pakuti imangosinthanitsa chibadwa choipa ndi chibadwa chabwino. Nkhani yofotokoza mmene mudzi udasamukira, chaka chimene amuna adapita ku Wankie kapena ku Johannesburg, ndi amene adatsala akulima, imachotsa nkhaniyo m'manja mwa chibadwa n'kuibwezera m'mbiri.

4.0 NTHANO: OMVERA NGATI OWERUZA

Nthano ya Chichewa siyamba popanda chilolezo cha omvera. Wokamba akati "Padangokhala", omvera amati "Tili tonse", ndipo amavomerabe motero mpaka kumathero. Akasiya kuvomera wokamba amadziwa kuti wataya anthu ake. Pakafika nyimbo, wokamba amatsogolera, omvera n'kuthira mang'ombe. Ruth Finnegan, m'buku lake Oral Literature in Africa (1970), adatsindika kuti nkhani yamchezo imakhalapo pokhapokha ikuchitidwa pamaso pa anthu. Steve Chimombo, mu Malawian Oral Literature (1988), adapitiriza mfundoyi polimbikitsa kuti luso lotere liziyezedwa ndi miyeso ya eni ake. Kwa ife phindu la mfundoyi ndi ili: m'nthano ufulu woyankha uli m'mamangidwe a nkhani yeniyeniyo. Wokamba sangamate mbiri pa anthu amene akhala patsogolo pake, chifukwa angathe kumuwongolera nthano ili m'kati.

Titenge nthano yodziwika pakati pa Achewa ndi Atumbuka omwe, ya Kalulu ndi chitsime. Kwagwa chilala. Nyama zigwirizana kukumba chitsime, koma Kalulu akana. Madzi atatuluka, nyama ziika mlonda, ndipo Kalulu anyengerera alonda amphamvu ndi uchi, n'kuwamanga, n'kutunga madzi. Potsiriza amene amugwira ndi Fulu, amene nyama zonse zinkamuderera.

Mabuku a sukulu amakonda kutseka nthanoyi ndi phunziro limodzi, lakuti ulesi ndi woipa. Kuteroko n'kuichepetsa. Tikaisanthula tiona kuti imadzudzula mudzi wonse. Kalulu ndi wozemba ntchito ya onse. Alonda ndi akuluakulu amene amagulitsa udindo wawo chifukwa cha kanthu kotsekemera. Msonkhano wa nyama ndi bwalo limene limasankha mlonda poyang'ana msinkhu. Anthu amene amauza ana awo nthano yotere sakudzinamiza kuti kwawo n'kwa angelo. Akudziwa kuti pakati pawo pali ochenjera mopusa, pali adyera ndipo pali anzeru osawerengedwa. Kusiyanitsa anthu kumeneku ndiko mdani wamkulu wa mbiri yomata, imene imafuna kuti onse akhale ofanana.

Palinso china. Mbiri ya m'tauni imati wa m'tauni ndi wochangamuka ndipo wakumudzi ndi wochedwa. Nthanoyi imavomera kuti pali wochangamuka ndi wochedwa, koma imapereka chigonjetso kwa wochedwayo, amene mphamvu yake ili m'kudekha ndi m'kudziwa malo: Fulu amabisala m'madzi momwemo. Apa sitikunena kuti nthanoyi idapekedwa pofuna kuyankha anthu a ku Lusaka. Tikunena kuti wokamba waluso wa ku Lundazi ali kale ndi chida chowayankhira popanda kubwereka kwa wina.

5.0 VIMBUZA: NYIMBO ZOSUNGA MBIRI

Palibe mwambo wa Atumbuka umene udamatidwa mbiri yoipa kuposa vimbuza. Amishoni a Livingstonia, amene ntchito yawo idafika ku Chasefu, adaviona ngati zachikunja. Ena amavitenga ngati umboni wa umbuli. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidalengeza vimbuza, pamodzi ndi gule wamkulu, kukhala chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo gule ameneyu amaonetsedwanso pa zisangalalo ndi pamaso pa alendo. Koma wonyoza ndi woyamikira onse amayang'ana kuvina, mangenjeza ndi ng'oma. Ndi ochepa amene amamvetsera mawu.

Amene adamvetsera ndi Leroy Vail ndi Landeg White m'buku lawo Power and the Praise Poem (1991). Iwo adasonyeza kuti nyimbo za vimbuza ndi mbiri ya amayi achitumbuka. Angoni a Zwangendaba adawoloka Zambezi mu 1835, ndipo chapakati pa zaka za m'ma 1800 a M'mbelwa adagonjetsa dziko la Atumbuka. Kudabwera ukwati wa malowolo, umene udasamutsira mkazi kumudzi kwa mwamuna, kutali ndi abale ake. Kenaka kudabwera ulendo wa kumigodi, ndipo amuna ena adasanduka machona, osabwerera, osatumiza kanthu. Mkazi wotsala pakati pa apongozi sakadatha kudandaula poyera. Koma akagwidwa ndi mzimu, wolankhulayo amakhala mzimuwo, ndipo mudzi wonse umayenera kusonkhana, kuwomba m'manja ndi kumva. Vail ndi White adati pali ufulu wapadera umene nyimbo imapereka, wonena zimene pakamwa wamba sipanganene.

Pa miyeso yathu itatu vimbuza vimakhoza bwino. Vimatchula chifukwa, pakuti vimaloza mwamuna amene adachoka ndi apongozi ankhanza. Vimafuna omvera, pakuti popanda oyimba ndi owomba m'manja wodwala sangavine. Sivibisa zofooka za eni ake, pakuti odzudzulidwawo ndi a m'mudzi momwemo. Mayi amene mbiri yomata imamujambula ngati wosalankhula, wongovomera, apa akuoneka ngati wosunga mbiri ya zaka zoposa 100 za kusamuka kwa amuna.

Komabe kuwerenga kwa Vail ndi White kuli ndi malire ake. Pofunafuna mbiri m'mawu a nyimbo, iwo amaika pambali chimene ovina eni ake amati n'chachikulu, ndicho matenda ndi kuchira. Steven Friedson, m'buku lake Dancing Prophets (1996) lonena za kumpoto kwa Malawi, adabwezera ng'oma ndi thupi pakati pa nkhaniyi. Tiyenera kugwira mbali zonse ziwiri. Wounika amene amati vimbuza ndi ndale za amayi basi wamatanso mbiri yake, ngakhale ili yachifundo.

6.0 WAYILESI: BWALO LATSOPANO

Wayilesi idasamutsa nthano kuichotsa pamoto n'kuipititsa kwa anthu osaonana. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 Julius Chongo ankakamba nkhani za Chinyanja m'pulogalamu ya Poceza m'Madzulo pa wayilesi ya boma la Zambia. Ernst Wendland, amene adasanthula nkhanizi mozama, adasonyeza mmene Chongo ankagwiritsira ntchito mvekero, kusintha mawu ndi zokambirana kuti munthu mmodzi amveke ngati mudzi wonse. Chongo adaonetsa dziko lonse kuti chilankhulo cha kum'mawa chingathe kunyamula luso lapamwamba. Koma omvera ake sakadatha kuvomera. Mawu ankachokera ku Lusaka n'kupita kumidzi, osabwerera.

Zinthu zidasintha malamulo a zoulutsa mawu atamasulidwa m'zaka za m'ma 1990. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ku Lundazi kudatsegulidwa Radio Chikaya ndipo ku Chipata kudatsegulidwa Breeze FM. Dzina la Chikaya n'loyenera kuliganizira. Limachokera ku mawu a Chitumbuka akuti kaya, kutanthauza mudzi kapena kwathu. M'kamwa mwa munthu wa m'tauni mawu otere angathe kukhala chitonzo, monga momwe timamvera mawu akuti zachimidzi. Kulitenga n'kulipachika pa nyumba ya wayilesi ndi yankho loyamba kwa mbiri yomata. Chachikulu china n'chakuti wayilesiyi idapatsa malo Chitumbuka, chimene sichili m'gulu la zilankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma lidasankha kuti zizigwiritsidwa ntchito m'sukulu ndi pa wayilesi yake.

Kafukufuku wozama wa mmene wayilesi za kum'mawa zimakambira nkhani za anthu ndi wa Harri Englund, m'buku lake Gogo Breeze (2018). Bukuli likunena za muulutsi wa Breeze FM amene ankadzitcha gogo ndi kutcha omvera ake adzukulu. Iye ankayenda m'midzi ndi m'misika ndi makina ojambulira mawu, ankawerenga makalata a omvera, ndipo ankatengera madandaulo a alimi ndi antchito kwa amene akudandaulidwawo kuti ayankhe. Chimene chimatikhudza n'chakuti gogoyu sankangoulutsa mawu a osauka ngati kuti osauka salakwa. Ankawadzudzulanso, ankawaponyera miyambi, monga amachitira mkulu pabwalo. Englund adali ataona kale zofanana ndi izi m'pulogalamu ya Nkhani Zam'maboma ya MBC, m'buku lake Human Rights and African Airwaves (2011).

Wina angatsutse kuti njira yotere imabwezera mphamvu kwa mkulu wamwamuna, ndipo kutsutsako kuli ndi maziko. Mwana ndi mayi amafika kwa omvera kudzera mwa gogo. Komabe tikayerekeza ndi pulogalamu yolipiridwa ndi bungwe, imene mlimi amaitanidwa kudzanena mawu okonzedwa kale, njira ya gogo imamulemekeza koposa, chifukwa imamutenga ngati munthu woti angatsutsane naye. Foni ya m'manja yawonjezera mphamvu imeneyi. Womvera wa kwa Mwase kapena wa kwa Chitungulu akaimba foni pulogalamu ili m'kati, "Tili tonse" uja wabwerera m'njira yatsopano.

7.0 NKHANI ZOKOLOLEDWA NDI MABUNGWE

Pali mtundu wina wa nkhani umene ukuchuluka, umene tiutcha nkhani yokololedwa. Bungwe limapita kumudzi, limajambula munthu akufotokoza moyo wake, n'kukaika nkhaniyo m'lipoti kapena pa intaneti. Chitsanzo cha pafupi ndi cha COMACO, bungwe limene lidayamba mu 2003 m'chigwa cha Luangwa motsogozedwa ndi Dale Lewis. Bungweli limalimbikitsa alenje kupereka mfuti ndi misampha yawo, limawaphunzitsa ulimi ndi kuweta njuchi, ndipo limagula zokolola zawo n'kuzigulitsa pa dzina la It's Wild! Sitikuweruza ntchito ya bungweli, imene yapatsa alimi ambiri msika. Tikuunika mamangidwe a nkhani imene imatuluka m'ntchito zotere, ya mlenje wotembenuka.

Nkhaniyi imatsata njira ya umboni wa m'tchalitchi. Ili ndi magawo atatu: kale ndinali mumdima, ndidakumana ndi ondiwongolera, tsopano ndili m'kuwala. Wolankhula ndi mwini dera ndithu, ndipo zimene akunena zingakhale zoona zonse. Koma chimango chake chidakonzedwa kwina. Gawo loyamba limavomereza mbiri yomata yonse, kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ikutuluka m'kamwa mwa wonenedwayo. Msonkho wa nyumba, kulandidwa kwa ufulu wosaka ndi njovu imene idatha munda usiku umodzi sizipeza malo okwanira, chifukwa zikadasokoneza kuwongoka kwa nkhaniyo. Omvera ake ali kutali ndipo anthu a m'mudzi mwa wolankhulayo alibe danga lovomera kapena kukana. Akulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona kuti mabungwe amabweretsa zida zabwino. Funso ndi lakuti ndani wagwira kalumoko pamene nkhani ikumetedwa.

Vutoli si la ku Lundazi kokha. Ku America, anthu a m'mapiri a Appalachia, dera la migodi ya malasha, akhala akujambulidwa kwa nthawi yaitali ngati mbuli zosauka. Mu 1969 ku Whitesburg, m'chigawo cha Kentucky, kudakhazikitsidwa Appalshop, malo ophunzitsira achinyamata a komweko kujambula mafilimu a kwawo. Imodzi mwa mafilimu ake odziwika ndi Stranger with a Camera (2000) ya Elizabeth Barret, yonena za Hugh O'Connor, wojambula wa ku Canada amene adawomberedwa mu 1967 ndi mwini malo, Hobart Ison, pamene ankajambula umphawi wa derali. Barret, mwana wa dera lomwelo, sadayeretse wakuphayo ndiponso sadabise mkwiyo wa anthu otopa ndi kujambulidwa ngati zinthu zomvetsa chisoni. Mphamvu ya filimuyi ili m'kulola mbali zonse kulankhula. Phunziro lake kwa ife n'lakuti kukhala mwini dera sikukwanira. Pamafunikanso kulimba mtima kofotokoza zowawa za kwanu. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo: mwambiwu umalamula chikondi, koma umavomeranso kuti mwendowo ndi wochepadi.

8.0 CHILANKHULO NDI NTCHITO YA MPHUNZITSI

Sitingatseke nkhaniyi osadziyang'ana tokha, ife olemba ndi ophunzitsa m'Chichewa. Dzina lakuti wakum'mawa nalonso ndi dothi lomata, pakuti limaphimba Mtumbuka, Msenga, Mnsenga ndi Mkunda n'kuwasandutsa onse olankhula Chinyanja. Daniel Posner, m'kafukufuku wake wa 2004, adasonyeza kuti Achewa ndi Atumbuka amaonana ngati abale ku Zambia pamene ku Malawi amaonana ngati opikisana, ngakhale chikhalidwe chawo n'chimodzimodzi mbali zonse za malire. Chifukwa chake n'chakuti ku Zambia magulu awiriwa ndi aang'ono pa ndale za dziko lonse, choncho amawerengedwa pamodzi. Ku Malawi Chitumbuka chidachotsedwa pa wayilesi mu 1968 ndipo chidabwerera mu 1994. Ku Zambia sichidapatsidwe malo m'gulu la zisanu ndi ziwiri zija, ndipo pamene boma lidalamula mu 2014 kuti ana a Giredi 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha m'dera, ana ambiri a ku Lundazi adapezeka akuphunzira m'Chinyanja, chimene si cha pakhomo pawo.

Zotsatira zake pa nkhani zamchezo n'zoonekeratu. Mwana amamva chidokoni kwa agogo ake m'Chitumbuka, koma m'kalasi amapeza nthano ya m'buku, ya Chinyanja, yopanda nyimbo ndi mavume, yotsekedwa ndi phunziro limodzi. Amaphunzira mosauzidwa kuti za kwawo sizilowa m'buku. Apa mbiri yomata yalowa m'mutu mwa mwini dera, ndipo palibe malo ena ovuta kuichotsamo kuposa amenewo.

Mphunzitsi sangasinthe ndondomeko ya boma, koma pali zimene angachite m'kalasi mwake. Angathe kutuma ophunzira kukatenga nthano kwa akuluakulu m'chilankhulo chimene idakambidwiramo, n'kuikamba m'kalasi ndi nyimbo zake anzawo akuvomera, kenaka n'kuimasulira m'Chinyanja ndi kukambirana zimene zatayika pomasulirapo. Angathe kuwafunsa kuti alembe dzina la wokamba, mudzi wake ndi nyengo imene adakamba, kuti nthano isamaoneke ngati yopanda mwini. Angathenso kuika pamodzi makambidwe awiri a nthano imodzi, a kumtunda ndi a kuchigwa, kuti ophunzira aone okha kuti ngakhale m'boma limodzi anthu sakamba mofanana. Miyambo ya chaka ndi chaka monga Kulonga kwa Mphamba ndi Zengani kwa Magodi ndi mipata ina yomvera mbiri za mafuko zikufotokozedwa ndi eni ake, bola wophunzira apite kukamvetsera mawu, osangoonera magule.

9.0 MATHERO

Taona kuti mbiri yomata ya Lundazi imabisa zochitika zodziwika bwino: mliri wa m'zaka za m'ma 1890, msonkho, ulendo wa kumigodi ndi malamulo a nyama. Taonanso kuti nthano, nyimbo za vimbuza ndi mapulogalamu ena a pa wayilesi zimalimbana nayo bwino chifukwa zimatchula zifukwa, zimalola omvera kuyankha ndipo zimadzudzula eni ake. Nkhani yokololedwa, ngakhale ikutuluka m'kamwa mwa mwini dera, imafooka pa miyeso yomweyo.

Ntchito imene yatsalira madipatimenti athu a zilankhulo ndi yosunga ndi kusanthula mawu enieniwo. Mapulogalamu a wayilesi za m'madera amauluka n'kutha, ndipo okamba nthano achikulire akutsirizika. Pofunika mgwirizano pakati pa mayunivesite a ku Zambia ndi ku Malawi ndi wayilesi monga Chikaya, kuti zojambulidwa zisungidwe, zilembedwe m'Chitumbuka ndi m'Chichewa momwe zidalankhulidwira, ndipo makope ake abwerere kumidzi kumene zidachokera. Wofufuza amene watenga nthano ku Lundazi ayenera kukaiwerenganso pamaso pa amene adampatsa, kuti nawonso anene ngati ali naye limodzi kapena ayi.